Mkanjo wa Achimwene

2 Juni

Kasingano mlongo wanga,

Moni kwa iwe, kwa alamu aphunzitsi, ana ndi amayi. Kuno tonse tili bwino, kupatula mimba yangayi imene ikukana malamba onse a m'nyumba muno. Ndayesa foni ya alamu kuyambira dzulo koma sikulowa, yakonso sukuyankha, ndiye ndati ndiponye kalata ku positi ngati kale, uisunge poti ili ndi nkhani yabwino.

Chipani cholamula chatitenga. Tilipo maloya khumi ndi awiri, tonse amene timaphunzitsa malamulo a zisankho ku yunivesite kuno. Ukudziwa kuti otsutsa akukana zotsatira za zisankho zapitazi ndipo milandu ichuluka. Ndiye chipani chati chikufuna mitu yabwino pafupi. Sikuti atichotsa ku yunivesite ayi. Mawu ake enieni ndi akuti atisunga: tizikhala okonzeka, tsiku limene atifune atipeze.

Anabwera yekha mkulu wokonza njira za chipani, amene timangomutchula kuti a Chipewa chifukwa savula chipewa ngakhale akudya. Ndi munthu woyankhula motsitsa, ndipo amakudziwa mpaka mayina a ana ako. Anatipatsa mgwirizano wa masamba khumi ndi limodzi. Ine, amene ndimakalipira ophunzira anga chaka chilichonse kuti asamasaine chinthu asanawerenge, ndinawerenga tsamba loyamba ndi lomaliza n'kusaina. Usauze munthu.

Mwina tsopano ndiyambanso kuvala mkanjo wakuda uja unandisokera nditangomaliza maphunziro. Anzanga anagula awo kusitolo ndipo anatha kalekale, wanga ukadali ngati wa dzulo. Uwauze amayi kuti mwana wawo tsopano akukwera chikepe popita ku ofesi.

Undilembere za kumeneko. Chifuwa cha alamu chinatha?

Mchimwene wako


3 Juni

Achimwene,

Moni. Ndikhulupirira inu, alamu ndi ana muli bwino. Ife kuno tili moyo, koma bwino ayi.

Alamu anu, bambo a ana angawa, amangidwa. Anawatenga Lachisanu m'mawa ali m'kalasi, choko chili m'manja, ana akuonerera. Foni yawo ili kupolisi, yanga ndikuopa kuyankhulapo chifukwa ikumveka ngati muli munthu wachitatu. Kalatayi ndapatsira adalaivala a basi ya m'mawa, aja amatinyamulira katundu, ndipo alonjeza kuti akupatsani pamanja.

Nkhani yake ndi ya zisankho. Paja iwo ndiwo ankayang'anira malo oponyera voti pasukulu pawo. Atatha kuwerenga analemba zotsatira papepala, oimira zipani onse n'kusaina. Koma pepala limene linakafika kulikulu lili ndi nambala ina. Pamene chipani cholamula chinapeza 84 pali 684, siginecha yawo ili pomwepo m'munsi. Wina akanangotseka pakamwa. Koma alamu anu mumawadziwa, munthu wobweza ku ofesi ngakhale kachidutswa ka choko. Anapita pawailesi kukanena kuti sikisi ameneyo si wawo. Tsopano akuti ndi wabodza, anagulidwa ndi otsutsa, ndipo akuwazenga mlandu wosokoneza zisankho.

Chiyembekezo chathu chili pachinthu chimodzi. Pepala lija limakhala ndi linzake kunsi, lachikasu, limene limadinda zonse ukamalemba pamwamba. Lachikasulo anabwera nalo kunyumba. Lili ndi 84, sikisi palibe, masiginecha onse alipo. Apolisi atabwera kudzafufuza anatembenuza matiresi, anakhuthula ngakhale chitini cha mabatani, koma sanaganize zopendeketsa mashini anga osokera n'kuona kunsi.

Abweranso, ndikudziwa. N'chifukwa chake ndaliika mu envulopu imeneyi. Chimwalirireni abambo, pepala lililonse la banja lathu limasungidwa kwa inu: la nyumba, la ukwati wanga, ngakhale makadi a sikelo a ana. Palibe linatayikapo. Mulisunge ilinso, ndipo mubwere mudzawaimire alamu anu kukhoti. Mwaphunzitsa malamulo a zisankho zaka khumi ndi zisanu. Ngati lilipo tsiku limene maphunziro amenewo akufunika pakhomo pano, ndi lino.

Amayi sakudya. Mundiyankhe ndi basi yomweyi, chonde.

Mlongo wanu,
Kasingano


10 Juni

Achimwene,

Moni. Kalata yanu ya pa 2 yafika lero, patatha sabata yathunthu nditatumiza yanga. Ndaiwerenga nditaimirira pakhomo la positi. Makalata athu anaphonyana panjira, inu mukuseka ine ndikulira.

Ndiye kuti pepala limene ndinabisira apolisi ndalitumiza ndekha, ndi manja angawa, kwa loya wa chipani chimene chamangitsa mwamuna wanga?

Ndikuyesa kudziuza kuti palibe chasintha. Ndinu achimwene omwe aja munkandibereka popita kusikelo. Koma sabata yatha ndipo simunayankhe. Adalaivala aja akuti anakupatsani pamanja, pageti la yunivesite, ndipo munaiwerenga pomwepo n'kusintha nkhope. Dzana ndinapitanso kudepoti, anandiuza kuti awachotsa pamsewu uno.

Belo awakaniza. Ndimawaona Lachitatu ndi Loweruka, kudzera pawaya, mphindi khumi. M'chipinda chawo alimo anthu makumi atatu, amagona chammbali ndipo wina akafuna kutembenuka amatembenuka onse. Chifuwa chija mwafunsa chabwerera. Sakudandaula, amangofunsa kuti, "Alamu akuti bwanji?" Ndimawauza kuti mukukonzekera.

Boma latipatsa loya waulere, kamtsikana koonda kokhala ndi mafayilo ofika pachibwano. Akuti munamuphunzitsa. Nditamuuza kuti ndinu achimwene anga sanasangalale monga ndimayembekezera. Anati, "Mayi, ine ndagogoda pazitseko za aphunzitsi anga onse khumi ndi awiri kuti wina andithandize, palibe yemwe wanditsegulira. Mukuganiza kuti chipani chikufuna maloya khumi ndi awiri achani, pomwe chili nawo ake? Sanawalembe ntchito kuti ayankhule. Anawalemba kuti munthu wina asawapeze."

Ndinamukalipira mwanayo. Ndinati sawadziwa achimwene anga. Musandichititse manyazi pamaso pake.

Akuti ndi pepala lachikasu mlandu utha tsiku limodzi, popanda ilo ndi mawu a mphunzitsi mmodzi kulimbana ndi chidindo cha boma. Ngati simungathe kubwera, litumizeni lokhalo. Mlandu ulowa pa 11 Julayi, Lachinayi.

Kasingano


21 Juni

Mlongo,

Moni kwa nonse. Makalata ako onse awiri ndinalandira. Pepani kuti ndachedwa kuyankha, ntchito yachuluka.

Ndamva chisoni ndi zimene zawachitikira alamu. Komabe ndiyenera kukuuza momveka bwino kuti sindingathe kuwaimira. Mgwirizano umene ndinasaina, patsamba lachisanu ndi chiwiri, ukundiletsa kuimira munthu aliyense pamlandu wokhudza chipani kwa zaka zitatu. Tsamba lomwelo likuti pepala lililonse la zisankho limene lingafike m'manja mwanga ndiyenera kulipereka ku ofesi tsiku lomwelo. Wophwanya zimenezi amakamuneneza kubungwe la maloya, ndipo amalandidwa chiphaso.

Za pepala limene ukunenalo, ine sindinalione. Mu envulopu munali kalata yokha. Mwina unaiwala kuikamo, poti mutu wako sunali m'malo. Usalitchulenso m'makalata.

Tsopano tikukhala kunyumba za alendo zimene chipani chatikonzera, kuti tigwire ntchito mosasokonezedwa. Atipatsa mafoni atsopano ndi galimoto ya dalaivala wake. Makalata athu onse, olowa ndi otuluka, amadzera ku ofesi. A Chipewa adziwa kuti mphunzitsi uja ndi mlamu wanga, ndipo akupereka moni kwa iwe ndi amayi.

Loya amene mwapatsidwayo anali wophunzira wabwino. Muzimumvera.

Mchimwene wako


28 Juni

Mwana wanga,

Ndine mayi ako. Ndalemba ndekha, ukhululuke zilembo, maso atha. Uli bwanji kumeneko? Ukudya?

Mlongo wako anandiwerengera kalata yako kawiri. Ulendo wachiwiri sanafike nayo kumapeto. Ine ndinalipo pamene ankaika pepala lija mu envulopu, ndinagwira ndine guluu. Ndiye usandiuze kuti munalibe.

Akuti kumeneko akusunga. Mawu amenewo andisowetsa mtendere. Ine ndasungapo nkhuku zambiri, ndinkazipatsa madeya ndi madzi osazimana, koma sindinasungepo nkhuku chifukwa choikonda.

Mlamu wako uja ndi amene anakhoma denga la nyumba ino litasasuka, iwe uli kumayeso. Ndi amene amandiperekeza kuchipatala. Loweruka ndinapita kukamuona, ndinamuzindikira ndi mawu okha. Ana ake asiya kupita kusukulu chifukwa anzawo akuwatchula kuti ana a wakuba mavoti.

Sindikudziwa malamulo ako. Ndikudziwa kuti ndinabereka awiri, ndipo mmodzi akulira chifukwa cha mnzake. Moni wa bambo wa chipewayo umubwezere, kuno tilibe pomuika.

Bweza pepala la mlongo wako.

Mayi ako


6 Julayi

Kasingano,

Moni. Kalata ya amayi ndinaiona.

Ndatumiza phukusi ili kudzera ku ofesi. Muli mkanjo wanga wakuda uja. Wang'ambika m'kati, kumsana, ndipo chipani chikufuna tidzavale mikanjo pojambulitsa. Ndinayesa kusoka ndekha koma wandikanika. Umasule msoko wangawo, usoke bwino monga udziwira. Uchite zimenezi ukangolandira, Lachinayi lisanafike. Usaupereke kwa telala wina aliyense, ndiwe wekha ukudziwa m'kati mwake.

Chonde, Lachinayi lisanafike.

Mchimwene wako


12 Julayi

Kwa loya wa chipani,

Sindikupatsani moni, ndilibe.

Awapatsa zaka zisanu. Dzulo, nthawi ya 11 koloko isanakwane, zonse zinali zitatha.

Ndikuuzeni mmene zinayendera, poti inu munali otanganidwa ndi zojambulitsa. Khoti linadzaza. Mbali ya boma kunali maloya atatu, mbali yathu kamtsikana kaja kokha. Kanayesetsa, ndisaname. Kanapempha woweruza katatu kuti atipatse masiku ena, pali umboni umene tikuyembekezera. Woweruza anafunsa kuti, "Umboniwo uli kuti?" Mwanayo anatembenuka kuyang'ana ine. Ine ndinayang'ana pansi. Ndikanati chiyani? Kuti uli kwa achimwene anga, katswiri wa malamulo a zisankho, koma akuti sanauone?

Alamu anu anaima m'bokosi la oimbidwa mlandu atavala malaya oyera aja amavala potsegulira sukulu, tsopano akuwakhuthukira m'mapewa. Chitseko chikangolira ankatembenuka. Analowa wapolisi, anatembenuka. Analowa mayi wokolopa, anatembenuka. Sindinawauze za kalata yanu ya pa 21, ndinalibe mtima. Mpaka pamene ankawatsitsa pamasitepe anali akuyang'anabe kukhomo.

Ndipo pakati pa zonsezi, Lolemba, likufika phukusi. Ndinathamanga nalo kuchipinda, ndikuti achimwene akumbukira. Kutsegula, mkanjo! Mwamuna wanga akuola m'ndende, inu mukunditumizira zosoka. Mpaka kundiikira tsiku, ngati kasitomala wa diresi la ukwati. Sindinautambasule n'komwe. Ndinauponya kunsi kwa tebulo ndipo uli konko, ukudya fumbi.

Nsalu ya mkanjo umenewo ndinaisankha ndekha ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndinasoka milungu iwiri, ndinalira tsiku limene munauvala. Ndiudula. Ndi nsalu yabwino yopukutira mafuta a mashini.

Mapepala ena a banja lathu muwatumize. Simudzasunganso kalikonse ka ine.

Mkazi wa mphunzitsi


19 Julayi

Achimwene,

Mkanjo wanu ndasoka, nawu. Muone m'kati kumsana ngati msoko wakukhalani bwino.

Kasingano


19 Julayi

Achimwene anga,

Ngati mukuwerenga iyi ndiye kuti mwamasula msoko. Inu simunachedwe ngati ine. Kakalata kapamwambako ndi ka a Chipewa, awerenge akhute.

Lero m'mawa mashini anayamba kudontha mafuta ndipo ndinakumbukira lonjezo langa. Ndinakoka mkanjo kunsi kwa tebulo, ndinatenga sizasi yaikulu ija, ndinayamba kudula kuchokera m'munsi. Nditafika kumsana sizasi inalira mwachilendo. Nsalu silira choncho. Ndinatembenuza, ndipo ndinaona msoko wanu: ulusi woyera pansalu yakuda, wokhotakhota ngati njira ya munthu woledzera. Munthu wa madigiri atatu! Telala aliyense akanauona ali kutsidya kwa msewu. Ndi ine ndekha amene sindinauone, chifukwa sindinafune kuyang'ana.

Pepala lilipo. Sizasi yadya kangodya kamodzi kokha. 84 alipo, masiginecha onse alipo.

Achimwene, linali m'nyumba muno masiku atatu mlandu usanalowe. Ndinkaponda mashini mapazi anga akuligunda. Ndinapita kukhoti chimanjamanja, ndinayang'ana pansi pamaso pa woweruza, ilo lili kunsi kwa tebulo langa. Munalemba kawiri kuti Lachinayi lisanafike. Munalemba kuti ndine ndekha ndikudziwa m'kati mwake. Ndinakhala pansi pasimenti m'mawa wonse, amayi akundigwira mapewa. Sindikudziwa kuti mawa ndikawauza chiyani alamu anu pawaya paja.

Ndakulakwirani, ndipo ndikupepesa. Koma nanunso musaganize kuti mwayera. Mukanabwera nokha pa 4 Juni, pepala lili m'thumba, sitikanafika pano. Munafuna kupulumutsa mlamu wanu ndi chiphaso chanu nthawi imodzi, ndiye munasenzetsa mkanjo ntchito imene inali ya mwini mkanjo.

Tsopano mverani. Masana ndinathamangira ku ofesi ya loya wathu uja, ndinapeza tebulo lake lopanda kanthu. Amusamutsa Lolemba, akuti kutali kumene basi imafika kawiri pasabata. Mlembi wa khoti wandinong'oneza kuti apilo imatheka, koma iperekedwe pasanathe masiku khumi ndi anayi chigamulireni. Tsiku lomaliza ndi Lachinayi likubwerali, pa 25. Ndayenda maofesi a maloya asanu lero. Akangomva kuti ndi nkhani ya mavoti, wina akuti akudwala, wina akuti sadziwa malamulo a zisankho, ndipite kwa a ku yunivesite. A ku yunivesite nonse muli m'khola limodzi.

Pepala silichokanso m'nyumba muno. Ndalibwezera kunsi kwa mashini, ndipo lidzatuluka tsiku limene adzabwere munthu wolinyamula kupita nalo kukhoti.

Mkanjo ndaulumikiza pamene ndinadula. Mukayang'anitsitsa chipsera chikuoneka, koma woweruza amakhala patali. Sindinausokere kujambulitsa.

Mlongo wanu,
Kasingano


22 Julayi

Kasingano mlongo wanga,

Moni kwa iwe, amayi ndi ana. Kalata iyi sinadzere ku ofesi. Ndikulemba ndili patebulo la kunyumba kwanga, ndipo akubweretsera ndi mkazi wanga, alamu ako, amene anyamuka ndi basi ya masana.

Zonse wanena ndi zoona, ndipo zina sukuzidziwa. Masabata asanu ndi awiri takhala pansanjika yachinayi, anthu khumi ndi awiri, kumwa tiyi ndi kuwerenga nyuzi. Palibe anatipatsa fayilo ngakhale imodzi. Tsiku lina ndinawafunsa a Chipewa kuti ntchito tiyamba liti. Anaseka n'kunena kuti, "Aphunzitsi, ntchito ndi imeneyi, ndipo mukuigwira bwino kwambiri." Anandifunsa za pepala lachikasu katatu. Anafufuza m'chipinda changa kawiri, mkanjo uli pachitseko cha kabati ukuwayang'ana. Tsiku la mlandu ndinakhala pafupi ndi wailesi ndikudziuza kuti Kasingano wamasula msoko. Atalengeza zaka zisanu, anzanga anapitiriza kuthira shuga. Ine ndinaimirira n'kutuluka.

Lero m'mawa ndasiya makiyi, foni yawo ndi kalata patebulo la a Chipewa. Sanakweze mawu. Anandifunsa ngati mwana wanga wamkulu akupitabe kusukulu ija ya pafupi ndi msika, kenako anaimba foni ine ndili pomwepo. Bungwe la maloya landiitana Lachisanu, pa 26, ndipo sindikudzinamiza za chimene chikatuluke. Yunivesite nayo yati nyumba ino tituluke mwezi ukatha. Ndikuopa, mlongo wanga. Sindikudziwanso ngati khoti lalikulu lidzalandire pepala limene silinaonekere pamlandu woyamba. Zimatheka, koma si nthawi zonse.

Koma ndawerenga masiku. Chiphaso changa chili ndi moyo mpaka Lachisanu, apilo ikufunika Lachinayi. Usiku uno ndi mawa ndilemba, Lachitatu ndifika ndi basi yoyamba. Tikawaonere limodzi alamu pawaya paja, ndikawauze ndekha chifukwa chake chitseko chija sichinanditulutse. Iwe usawauze za kunsi kwa tebulo, mlandu umenewo ndi wanga.

Mkanjo ndauyesa. Ukundithina m'mapewa, ndanenepa ndi tiyi wa eni ake. Usavutike kuuwonjezera, ndiuvala tsiku limodzi lokha.

Pendeketsa mashini.

Mchimwene wako